Pulogalamu yoyezera minda ikuleka kulemba ndikaika foni m'thumba

Woyeza minda wa ku Chiparamba analemba kuti:

Moni nonse a pabwalo lino. Ndine mmodzi wa anthu amene kopaletivi yathu inawasankha kuti aziyeza minda ya mamembala mvula isanagwe, chifukwa mbewu ya soya ndi ya mtedza imene timapereka pangongole imawerengedwa potengera kukula kwa munda. Kale tinkayeza ndi chingwe, koma chaka chino anatiikira pulogalamu ya GPS m'mafoni, imene munthu amaitsegula pa ngodya imodzi ya munda, n'kuyenda m'malire monse mpaka kubwerera pamene anayambira, ndipo iyo imamuuza mahekitala.

Vuto langa ndi lakuti pulogalamuyi imagwira ntchito bwino pokhapokha ndikamaiyang'ana. Ndikangozimitsa sikirini n'kuika foni m'thumba la malaya, kapena wina akandiimbira ndili pakati poyenda, imaleka kulemba njira. Lachiwiri lapitali ndinayeza munda wa mayi wina wachikulire, umene mudzi wonse umaudziwa kuti ndi malima atatu (lima imodzi ndi kota ya hekitala). Ndinayambira pa chulu, ndinatsikira kudambo, ndinazungulira nthochi zawo, kenako ndinakwera m'mbali mwa njira ya ngolo mpaka kukafika pa mtengo wa mango. Nditatulutsa foni ndinapeza kuti pamapu pali mzere wowongoka ngati wojambulidwa ndi lula, wochokera pafupi ndi chulu kukafika pa mango, ndipo mbali yonse ya kudambo inalibepo. Munda unatuluka wosakwana malima awiri, moti mayiwo anandifunsa pamaso pa adzukulu awo ngati lima yawo ina ndaitenga ine.

Foni yanga ndi ya mtengo wotsika, ili ndi Android 12 ndi RAM (malo amene foni imasungiramo mapulogalamu otsegula) ya 2 GB. Kodi pali chimene ndingasinthe kuti pulogalamuyi izipitiriza kulemba ngakhale sikirini itazima? Ndikufunsanso ngati kutha kwa bandulo kungakhale kukuthandizira vutoli, popeza kumene timayenda netiweki imabwera ndi kupita.

Wokonza mafoni wa ku Kapata anayankha kuti:

Bambo, foni yanu si yowonongeka, ndipo musataye ndalama kupita nayo kwa ife okonza. Foni imachita zimenezi mwadala pofuna kusunga batire, ndipo anthu amabwera pa benchi langa pafupifupi sabata iliyonse ndi dandaulo lofanana nalo, ambiri mwa iwo akunena kuti mauthenga a WhatsApp safika kufikira atatsegula okha pulogalamuyo.

Yambani ndi kulowa mu Settings, musankhe Apps, mupeze pulogalamu yanu yoyezera minda, ndipo pa Battery musankhe Unrestricted m'malo mwa Optimised imene mafoni amabwera nayo. Mukadali pomwepo, lowani pa Permissions ndi pa Location, musankhe Allow all the time, ndipo muonetsetse kuti Use precise location yayatsidwa, chifukwa kuyambira pa Android 12 munthu angathe kupatsa pulogalamu malo ongoyerekeza, amene sangathandize poyeza munda. Battery saver muziizimitsa nthawi yonse imene mukuyeza, pakuti m'mafoni ambiri ikayaka imatseka GPS sikirini ikangozima.

Kupatula zimenezi, kampani iliyonse yopanga mafoni inaikamo mlonda wakewake wa batire amene amatseka mapulogalamu, ndipo popeza simunatchule mtundu wa foni yanu ndinena za imene ndimaiona kawirikawiri kuno. Mu Tecno, Infinix ndi itel muyang'ane mu Phone Master, pamene pali mndandanda wa mapulogalamu ololedwa kudziyambitsa okha. Mu Xiaomi ndi Redmi chimenechi amachitcha Autostart. Mu Samsung lowani pa Battery, kenako Background usage limits, muone ngati pulogalamu yanu siili pa gulu la Sleeping apps kapena Deep sleeping apps, ndipo muiike pa gulu la osagonekedwa. Mafoni ambiri amalolanso kukhoma pulogalamu ndi kaloko kakang'ono pamalo amene mumaonera mapulogalamu otsegula, kuti isachotsedwe mukakanikiza batani lotseka onse.

Chizolowezi chimenecho chotseka mapulogalamu onse nthawi ndi nthawi, komanso timapulogalamu totsuka foni timene anthu amaikirana pa msika, n'zimene ndimaletsa makasitomala anga. Timapulogalamu timeneto timapha ndendende chimene inu mukufuna kuti chikhale moyo.

Za bandulo musadandaule. GPS imangolandira zizindikiro kuchokera ku masetilaiti ndipo sifuna intaneti; bandulo imangothandiza kuti foni ipeze malo msanga poyamba, ndi kuonetsa chithunzi cha mapu.

Wolemba mapulogalamu wa kwa Katete anayankha kuti:

Zimene anena akulu a ku Kapata ndi zoona ndipo muzichite zonse, koma ndikuopa kuti mwina sizikwanira, chifukwa gawo lalikulu la nkhaniyi lili m'manja mwa amene analemba pulogalamuyo. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono mmene Android imaganizira, popeza ndi ntchito imene ndimadyera.

Anthu ambiri akamva za vutoli amathamangira kutchula Doze, imene inabwera ndi Android 6 mu 2015. Doze imagoneka foni yonse pamene sikirini yazima, foni siili pa tchaja, ndipo yakhala malo amodzi kwa nthawi, n'kumaidzutsa mwa apo ndi apo kuti mapulogalamu atumize ndi kulandira zimene zikudikira. Inu mumakhala mukuyenda, ndipo ulendo wanu ndi waufupi, choncho sindikuiganizira kwambiri. Chimene ndikuchiganizira ndi lamulo limene linabwera ndi Android 8 mu 2017, lakuti pulogalamu imene siikuonekera pa sikirini imapatsidwa malo a GPS kangapo kokha pa ola limodzi. Tsopano tiwerengere limodzi. Lima imodzi ndi kota ya hekitala, ndiye kuti malima atatu ndi mamita 7,500 a sikweya, ndipo malire a munda wotere, ukakhala wofanana mbali zonse, ndi pafupifupi mamita 350. Munthu amazungulira mtunda umenewo m'mphindi zosakwana khumi, ngakhale akulumpha mizere ndi kupewa chitedze. M'mphindi zimenezo pulogalamu yobisika ingalandire malo kamodzi kapena osalandira n'komwe, ndipo mukaitsegula pa mango imangolumikiza dontho lomaliza limene inalemba ndi dontho latsopano. Mzere wanu wowongoka uja ukuchokera pamenepo.

Njira imene Android inasiyira mapulogalamu ofunika kugwira ntchito mosalekeza imatchedwa foreground service. Pulogalamu yoimba nyimbo, yosonyeza njira kwa woyendetsa galimoto, kapena yolemba mtunda umene munthu wathamanga imagwiritsa ntchito njira imeneyi, ndipo mtengo wake ndi wakuti iyenera kuika chidziwitso chokhalitsa pamwamba pa sikirini, kuti mwini foni adziwe kuti pali chinthu chikudya batire lake. Chotero yesani izi: yambitsani kuyeza, mukanikize batani lobwerera kunyumba, mukokere pansi mndandanda wa zidziwitso. Mukaona chidziwitso chonena kuti pulogalamu ikulemba njira, ndiye kuti inalembedwa bwino ndipo amene akuipha ndi mlonda wa batire, amene akulu aja akuuzani mogonjetsera kwake. Mukapanda kuona kalikonse, mungasinthe Settings mpaka dzuwa kulowa koma mzere udzawongokabe.

Pa nkhani ya Allow all the time ndikusiyana nawo pang'ono akuluwa. Chilolezo chimenechi chinapatulidwa pa Android 10 mu 2019, ndipo chimaoneka pokhapokha ngati wolemba pulogalamu anachipempha, moti musadabwe mukapeza kuti pa foni yanu palibe. Ndiponso pulogalamu imene yayambitsa foreground service ya malo inu mukuiyang'ana imaonedwa ngati ikugwiritsidwabe ntchito, choncho chilolezo wamba cha While using the app chimaikwanira.

Pali chinanso chimene simungachikonze ndi Settings, chomwe ndi RAM yanu ya 2 GB. Malo a mu RAM akachepa, Android imatseka mapulogalamu obisika kuti ipatse mpata amene ali pa sikirini, ndipo kuyankha foni kapena kutsegula kamera kuti mujambule munda n'kokwanira kuchititsa zimenezi ngati Facebook ndi WhatsApp zinali zotsegula kale. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati mukabwerera mukupeza pulogalamu ili pamene munaisiya koma njira ikusowa pakati, ndiye kuti inangomanidwa GPS. Ngati ikuyambiranso ndi chizindikiro chake ngati mwangoitsegula kumene, ndiye kuti inaphedwa. Foreground service imathandizanso apa, chifukwa pulogalamu yotero imakhala pakati pa zomalizira kuphedwa.

Mukamalembera amene anakupatsani pulogalamuyi, muwauze kuti mukupempha foreground service ya mtundu wa location, ndiponso kuti dontho lililonse lizisungidwa m'foni nthawi yomweyo osati kumapeto kwa ulendo. Akakuyankhani kuti agwiritsa ntchito WorkManager, njira ya Android yokonzera ntchito zochitika pulogalamu ili yobisika, muwakanire mwaulemu, pakuti ntchito yobwerezabwereza ya WorkManager siingachitike pafupipafupi kuposa mphindi 15 zilizonse, ndipo imeneyo ndi yoyenera kutumizira zoyeza ku ofesi, osati kulembera malire.

Mlembi wa kalabu ya amayi ku Lundazi anayankha kuti:

Ine za mkati mwa foni sindizidziwa ngati abambo awiriwa, koma ndayeza minda ya mamembala athu nyengo ziwiri ndipo ndinasiya kuika foni m'thumba. Ndimalowa pa Display, ndimatalikitsa Screen timeout, nthawi imene sikirini imakhala isanazime yokha, kufika pa mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo ndimayenda foni ili m'dzanja, sikirini ikuyaka, ndikuona ndi maso kadontho kakutsata malire. Ndisanayambe ndimaika Flight mode n'kusiya Location yoyaka, chifukwa GPS imagwirabe ntchito, palibe amene angandiimbire pakati pa munda, ndipo batire limakhalitsa popeza foni imaleka kuvutika ndi kufunafuna netiweki kumalo kumene kulibe.

Pa ngodya iliyonse ndimaima pang'ono kuti kadontho kakhazikike, makamaka pansi pa mitengo pamene kamakonda kudumphadumpha. Vuto la njira yanga ndi kutentha. Mu Okutobala foni imatentha m'dzanja mpaka kudzichepetsera yokha kuwala, choncho ndimayeza m'mawa dzuwa lisanakwere, ndimachotsa chikuto chake cha labala, ndipo ndimanyamula pawabanki yaing'ono yomangidwa m'nsonga ya chitenje.

Woyeza minda wa ku Chiparamba anabwereranso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Dzulo ndinabwerera ku munda womwe uja ndipo ndinauzungulira kawiri. Ulendo woyamba ndinali nditasankha Unrestricted, kuzimitsa Battery saver ndi kukhoma pulogalamu ndi kaloko, kenako ndinaika foni m'thumba monga kale. Mzere unawongokanso, ngakhale kuti tsopano panali dontho limodzi kudambo, ndipo pulogalamu ndinaipeza pamene ndinaisiya, sinayambirenso. Ndinakokera pansi zidziwitso monga ananenera achimwene a kwa Katete ndipo panalibe chilichonse cha pulogalamuyi, ndiponso Allow all the time sindinaipeze.

Ulendo wachiwiri ndinatsata njira ya mayi a ku Lundazi, ndipo munda unatuluka mahekitala 0.76, amene ndi malima atatu aja. Eni munda anayenda nane mbali yonse ya kudambo akuyang'ana pa sikirini kuti aone ngati nthochi zawo zalowa.

Kalata yopita kwa amene anatipatsa pulogalamuyi ndailemba kale ndipo apampando aisaina Lolemba. Chimene chikundisowetsa tulo ndi minda khumi ndi inayi imene ndinayeza ndisanazindikire vutoli, ina mwa iyo ili kutali ndithu pa njinga. Kodi ndiyenera kuibwereza yonse?

Wolemba mapulogalamu wa kwa Katete anayankhanso kuti:

Ayi bambo, yambani mwaiona pamapu muli pakhomo. Tsegulani munda uliwonse ndi kuukulitsa ndi zala. Pamene munthu anayendadi pulogalamu ikulemba, mzere umakhala wogwederagwedera ndipo madontho amakhala othithikana, chifukwa GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo ngakhale pamalo oyera. Pamene inaleka kulemba pamakhala mbali imodzi yaitali, yosalala, yopanda dontho pakati. Minda imene ili ndi mbali yotero ndiyo muibwereze, ndipo muyambe ndi imene eni ake sanalandirebe mbewu. Ngati pulogalamuyo siionetsa madontho, yerekezani mahekitala amene inatulutsa ndi amene ali m'kaundula wa chaka chatha, ndipo munda umene wachepa kwambiri popanda mwini wake kunena kuti anagawako muulembe pa mndandanda womwewo.