Zomwe ndapeza pa funso langa lija la ululu mwa okalamba odwala dimenshiya

Anzanga, paja ndinafunsa kuti ophunzira unamwino tingawaphunzitse bwanji kuzindikira ululu mwa okalamba amene dimenshiya (nthenda ya ubongo yochititsa munthu kuiwalaiwala ndi kusokonezeka maganizo) yawafikitsa poti satha kunena pamene pakupweteka. Zikomo nonse amene munayankha.

Ambiri munandilozera ku PAINAD, muyeso wa ululu womwe akatswiri ofufuza Warden, Hurley ndi Volicer anatulutsa mu 2003. Namwino amayang'ana zinthu zisanu: kapumidwe, kubuula kapena kulira, nkhope, mmene thupi lakhalira, komanso ngati wodwalayo akutonthozeka. Chilichonse amachipatsa 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi zosapitirira 10. Ena munatchulanso muyeso wina wa ululu, Abbey Pain Scale ya ku Australia.

Koma chandigwira mtima kwambiri ndi nthawi yoyezera. Agogo akagona phee amaoneka ngati ali bwinobwino. Ululu umaonekera powatembenuza, powasambitsa kapena powaveka: amakwinya nkhope, kufumbata manja, kukankha dzanja la namwino. Apa m'pamene ambiri amangoti "agogowa ngovuta", mwinanso kuwapatsa mankhwala ogonetsa pamene akufunika opha ululu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Muyeso wa PAINAD sunena pamene pakupweteka, ndipo mantha kapena njala zingakweze nambala. N'chifukwa chake ndikuwauza ophunzira kuti aziyezanso wodwala akalandira mankhwala, komanso azifunsa achibale mmene munthuyo ankasonyezera ululu asanadwale.

Teremu ikubwerayi ophunzira aziyeza wodwala mmodzi awiriawiri, aliyense payekha, kenako n'kuyerekeza zomwe apeza. Amene munayesapo njira imeneyi, inakuyenderani bwanji?