Mnyamata wanga amaimba soprano, akufuna opera. Kodi adzadya nayo?

Admin ndibiseni chonde.

Ndimakhala ku Cape Town ndipo ndili ndi mnyamata wa zaka 19. Anzake onse mawu anasintha kalekale, iye ayi ndithu. Akayankha foni yanga anthu amangoyamba "Muli bwanji mayi?" Kutchalitchi anamuchotsa kwa anyamata a tena n'kumuika pakati pa atsikana a soprano, ndipo kunena zoona amawaposa onse. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinachita kutseka mpopi kuti ndimvetsere amene akuimba kubafa, ndimayesa kwabwera mlendo.

Pano wamaliza matric, akuti akufuna kukaphunzira opera (masewero a pasiteji ochita kuimba) ku UCT, yunivesite ya ku Cape Town konkuno. Usiku amangokhalira kuonera Samuel Mariño pa YouTube, mnyamata wa ku Venezuela amene nayenso mawu sanasinthe. Bambo ake safuna kumva n'komwe, akuti achite za accounts, zoimba ngati mkazi tidzasowa poponda kumudzi. Ine zamanyazi ndilibe nazo ntchito. Nkhawa yanga ndi nsima. Ndipo kodi ndiyambe ndapita naye kuchipatala?

Namwino, Johannesburg: Pitani naye mayi, osati kuti akamukonze koma mudziwe chimene chilipo. Amuna ambiri oimba m'mwamba amagwiritsa ntchito falsetto, mawu ochita kuwachepetsa dala, akamalankhula mawu amakhala achibambo bwinobwino. Ochepa zedi ndi amene kholingo lawo silinakule potha msinkhu, monga Michael Maniaci wa ku America. Nthawi zina vuto limakhala la mahomoni, ndipo limakhudzanso mafupa. Dokotala wa khosi amayang'ana ndi kakamera, magazi amayezanso. Asayambe mankhwala aliwonse asanafunse kuti mawuwo adzatani.

Mphunzitsi wa kwaya, Manchester: Ntchito ilipo amayi, koma khomo lake ndi lopapatiza. Ku Italy m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 ankafula anyamata asanathe msinkhu kuti mawu asatsike, ndipo amenewo ndiwo anali akatswiri a opera. Mmodzi wa iwo, Farinelli, anayamba kuimba ku London mu 1734, mu 1737 n'kupita kukaimbira mfumu Philip V ku Spain. Womaliza wodziwika, Alessandro Moreschi wa kwaya ya Sistine Chapel ku Vatican, anajambulidwa mawu mu 1902 ndipo anamwalira mu 1922. Nkhanzayo inatha koma nyimbo zimene opeka nyimbo monga Handel, Vivaldi ndi Porpora anawalembera zilipobe, zikufuna oimba.

Chovuta n'chakuti mbali zimenezo akuzilimbiranso ma countertenor (amuna oimba ndi falsetto aja) ndi azimayi a mezzo-soprano (a mawu otsikirapo pang'ono kuposa soprano), ndipo iwo ndi ambiri. Ntchito zake zili ku Ulaya, monga zikondwerero za Handel ku Halle ndi Göttingen ku Germany. Palibe malipiro a pa mwezi: mwezi uno kontrakiti, mwezi wa mawa foni ili zii. UCT ndi poyambira pabwino, katswiri wa opera Pretty Yende anadutsa pomwepo, koma pambuyo pake adzafunika sukulu ya nyimbo zakale ngati Schola Cantorum ya ku Basel, ku Switzerland. Chitaliyana ayambe pano. Chinanso, mphunzitsi amene angafune kumukankhira ku tena mokakamiza amuthawe.

Bambo wa atatu: Abambowo munawatengerako kutchalitchi akamumve? Ena timakana zinthu tisanazione.

Mwini funso: Anamumvapo kamodzi pa maliro, anangoweramira pansi osanena kanthu mpaka kunyumba. Zikomo nonse, kwa dokotala tipita Lachinayi. Za kufulazo sindiwauza bambo ake, angakomoke. Aphunzitsi, poyesa mayeso olowera sukuluyo aimbe nyimbo za soprano zomwezo kapena amafuna za amuna?

Mphunzitsi wa kwaya, Manchester: Aimbe zimene zimakhala bwino pakhosi pake. Alembere sukuluyo msanga, awauze mtundu wa mawu ake, asakawadzidzimutse tsiku lomwelo.