Sukulu zikatseka, ana ang'ono tiwasiye kuti?

Nangozo: Sukulu zapulaiveti zatsala pang'ono kutseka, koma ife ntchito ilibe holide. Ana ndi a zaka 3 ndi 5, tili ku Lilongwe. Masana tingawasiye kuti?

Achisale: Mayi, yambani mwafunsa kusukulu kwawo komweko kudakali milungu iwiri. Nazale zina zimatsegulabe pa holide, koma zimaweruka 12 koloko inu muli kuntchito. Funsani nthawi yoweruka, ngati chakudya amapereka, komanso ngati mtengo ndi wa tsiku kapena wa sabata. Lipirani sabata imodzi kaye.

Nachisale: Vuto limakhala lakuti aphunzitsi amapita kukapuma, ana onse n'kutsala ndi wolera mmodzi, a zaka 2 kusakanikirana ndi a zaka 8. Ang'onowo ndi amene amagwetsedwa. Pitani masana osawauziratu, muwerenge ana ndi akuluakulu, muone chimbudzi, madzi akumwa ndi geti ngati amakiya. Alembereni mayina a ololedwa kutenga mwana, nambala za foni ziwiri, ndi zakudya zimene zimamuwenga.

Anaphiri: Kapena gwirizanani mabanja awiri kapena atatu, wolera mmodzi pakhomo limodzi, ana asapitirire anayi. Malipiro, maola ndi ndiwo mupanganiretu. Holide ya Disembala kuli mvula, m'chikwama musaiwale zovala zosinthira.