Mwana akukuwa usiku koma m'mawa sakumbukira kanthu

Admin, ndibiseni dzina. Moni amayi ndi abambo pagulu pano. Ndimakhala ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, ndipo mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4. Amagona bwinobwino cha m'ma 8, koma ikamakwana 10 amangodzambatuka n'kukhala tsonga, kukuwa, thukuta lili kamukamu. Maso amakhala ali tong'o koma sandizindikira, ndikamugwira amandikankha. Pakapita mphindi zingapo amagonanso yekha. M'mawa amamwa phala lake ngati palibe chachitika. Apongozi akuti akulira dzina la agogo ake a ku Mangochi, eni nyumba nawo ayamba kufunsa. Kodi si khunyu imeneyi?

Namwino wa ku Mufakose: Pepani amayi. Mmene mwafotokozeramu zikufanana ndi zomwe madokotala amati night terrors. Zimachitika mwana ali m'tulo tofa nato, maola awiri kapena atatu atangogona, n'chifukwa chake sakuzindikirani ngakhale maso ali otsegula: sanadzuke. Maloto oipa ndi ena, amabwera kwambiri m'bandakucha ndipo mwana amawakumbukira. Izi zimakonda ana a zaka 3 mpaka 7 ndipo ambiri zimawathera okha. Musamudzutse kapena kumugwedeza, mumangomusokoneza. Khalani pambali, chotsani kandulo ndi chilichonse chomwe angadzipweteke nacho.

Bambo wa ku Tafara: Wathu zinayamba atalowa sukulu ya mkaka (ECD) n'kusiya kugona masana. Kutopa kumeneko. Tinayamba kumugoneka msanga, atakodza kaye, zinachepa.

Gogo wa ku Mbare: Za dzinazo musawatsutse apongozi pamaso, mwananga. Koma afunseni ngati bambo a mwanayo sankayenda ali m'tulo ali aang'ono. Zimenezi zimayenda m'magazi.

Wofunsa: Agogo mwalasa, akuti amuna anga ankatsegula chitseko ali m'tulo! Nanga anamwino, kuchipatala ndisapite?

Namwino wa ku Mufakose: Pitani ku polyclinic (chipatala cha m'dera lanu) ngati akuuma thupi, kugwedezeka manja ndi miyendo, kutuluka thovu, kapena zikamachitika kangapo usiku umodzi. Chimodzimodzi ngati amaliza mkonono kwambiri kapena thupi latentha. Mujambuleni pafoni kuti adokotala aone okha. Popeza nthawi yake mukuidziwa, yesani kumudzutsa pang'ono mphindi 15 isanakwane, usiku uliwonse kwa sabata imodzi. M'mawa musamufunse mafunso, angayambe kuopa kugona.