Fyuzi ya magetsi akumbuyo ikungopsa pa Probox yanga, ndithandizeni

WaUsipa_SengaBay

Akuluakulu moni nonse. Pali vuto landisowetsa mtendere sabata yachiwiri tsopano. Ndili ndi Probox yomwe ndimanyamulira nsomba kuchoka kuno ku Senga Bay kupita ku Lilongwe, nde mukudziwa kale kuti nsomba sizidikira dzuwa, timanyamuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Lachiwiri la sabata yatha nditangodutsa pa Kamuzu Road ndinangoona dashibodi yachita mdima bii, sipidi osaoneka, koma ma headlamp akuyaka bwinobwino. Ndinkayesa ndi kababu ka mu dashibodi basi, mpaka wa minibasi wina anandipeza kutsogoloko nkundikuwira kuti amwene kumbuyoku mulibe moto olo pang'ono, ndatsala pang'ono kukukwerani. Thupi lonse linazizira ndithu.

Kutacha ndinatsegula bokosi la mafyuzi la pansi pa chiwongolero, ndinapeza kofiira ka 10 kolembedwa TAIL katapsa. Ndinagula ina nkuika, inayaka masiku awiri, inapsanso. Yachitatu sinathe olo tsiku. Ndinayesa ya buluu ya 15, nayo inapsa nditagunda bampu. Pano mnyamata wina amene amandithandiza kukweza katundu akuti ingokulungani kawaya kapena foyilo ya mu paketi ya ndudu, amati madalaivala ambiri amatero ndipo sipsanso. Kodi nditero? Kapena ndiike ya 20? Chinanso, babu la buleki la kumanzere ndasintha katatu chaka chino chokha, kaya zikugwirizana kaya ayi. Mawa lomwe ndili ndi ulendo.

Madala_aku_Khombedza

Mwana wanga, za kawayazo iwalani lero lomwe, chonde. Ine ndayendetsa lole zaka zambiri pa M5 apa ndipo ndinaona ndi maso angawa pikapu ya mnzanga ikufuka utsi pansi pa dashibodi chifukwa cha kawaya komweko. Tinazimitsa ndi mchenga, galimoto sinapse yonse koma mawaya onse anasungunuka nkumatana ngati phula, anaimika galimoto miyezi itatu akufunafuna harness ina, mtolo wa mawaya a galimoto uja. Fyuziyo ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake, yafa kuti waya asafe. Mukaikapo waya ndiye chopsa chikhala galimoto. Ulendo wa mawawo ngati simunakonze nyamukani kutayera, nsomba zitsike mtengo koma inu mubwere wamoyo. Mseu wa Lilongwe uli ndi makona ndi zitunda zija, munthu wobwera kumbuyo sangakuoneni.

AutoElec_KK

Bwana wa usipa, ine ndimakonza zamagetsi a galimoto kuno ku Nkhotakota, nde ndiyankhule motalikitsa pang'ono poti nkhani imeneyi imandipeza pafupifupi sabata iliyonse. Madala anena zoona zokhazokha. Ya 20 musaike, ndipo ya 15 ija munalakwitsa kale kuika. Nambala ili pa fyuzi inayesedwa molingana ndi kunenepa kwa waya amene ali kumbuyo kwake. Waya wa magetsi akumbuyo ndi woonda, mukamuikira fyuzi yaikulu moto umadutsa wochuluka kuposa mphamvu yake, amatentha mkati mwa harness momwe simukuona, fyuzi ili chilili.

Mitundu ya mafyuziwa si yokongoletsa ayi. Yabulauni ndi 7.5, yofiira 10, ya buluu 15, yachikasu 20, yoyera yooneka mkati 25, yobiriwira 30. Komabe muziwerenga nambala yolembedwa pamwamba ndi yomwe ili pa chivundikiro cha bokosi, chifukwa pa msika pali tina totchipa tomwe mtundu ndi nambala nzolondola koma kachitsulo ka mkati sikaduka pa nthawi yake, pulasitiki imayamba kusungunuka kaye. Komanso galimoto za ku Japan izi zina zimalowa tating'ono ta miyendo yaifupi kwambiri, pitani ndi yakupsayo m'manja pogula.

Za dashibodi kuchita mdima musadabwe. Pa ma Toyota ambiri magetsi a mu dashibodi, ma park akutsogolo, akumbuyo ndi a pa nambala puleti onse amadya pa mzere umodzi. Nde aliyense akuwerenga pano, mukaona dashibodi yazima usiku imani mukasuzumire kumbuyo, musamangoti ndifika.

Tsopano inuyo muli ndi shoti, kutanthauza kuti pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo cha bodi. Mwanena kuti inapsa mutagunda bampu, pamenepo mwandiuza zambiri, ndi waya amene akugwedezeka, nthawi zina akhudza nthawi zina ayi. Pa galimoto yonyamula katundu ngati yanuyo ndimayambira pa chitseko chakumbuyo. Pamwamba pafupi ndi mahinji pali kalabala kopindikapindika komwe mawaya amadutsa kuchoka m'bodi kulowa m'chitseko, chitsekocho chimatsegulidwa kambirimbiri patsiku nde mawaya amapindika mpaka khungu limathetheka. Kokani kalabalako muone waya mmodzimmodzi. Kachiwiri masulani ma tail lamp onse awiri muone m'masoketi ngati muli madzi kapena dzimbiri lobiriwira lija. Kachitatu wailesi. Ngati munachotsa ya Chijapani nkuika ina, kumbuyo kwake kumatsala waya wa kuwala kwa dashibodi, anyamata ambiri amangoudula nkuusiya osakulunga tepi, umangolendewera nkumakhudza chitsulo. Makoswe nawonso musawaiwale, galimoto yonunkhira nsomba amaikonda.

Kuti musamalize ndalama ndi mafyuzi pofufuza, pali njira yomwe timachita ku galaja. Tengani babu lakale la headlamp lomwe mbali imodzi ikuyakabe, lumikizani mawaya awiri, muwalowetse m'mabowo awiri momwe mumalowa fyuzi, kenako yatsani ma park. Ngati shoti ilipo babulo liwala kwambiri, ngati palibe lingofiira pang'ono. Nde wina aziyang'ana babulo inu mukugwedeza mawaya, kutsegula ndi kutseka chitseko, kuzula soketi imodziimodzi. Pomwe kuwala kwasintha, vuto lili pomwepo. Babulo limadya moto wonsewo nde palibe chopsa. Koma lisamakhudze kapeti kapena mpando, limatentha zedi.

MayiWaVitz_Salima

Achimwene a AutoElec zikomo, mwatiphunzitsa ambiri. Ine ndiwonjezere za babu la buleki lija poti zinandichitikira pa Vitz yanga. Babu lakumbuyo limene limagwira buleki ndi park limakhala ndi timawaya tiwiri mkati, kamodzi ka 21 watts ka buleki, kena ka 5 watts ka park, pamalembedwa 21/5W. Pali lina looneka chimodzimodzi koma la kawaya kamodzi, limenelo ndi la malo ena monga rivesi. Ine anandigulitsa la kamodzilo pa shopu ina nkulikakamiza kulowa, kuyambira tsiku limenelo ndikaponda buleki magetsi a mu dashibodi amayaka okha masana, ndinkachita mantha kuti galimoto yalodzedwa kapena kompyuta yafa. Anadzazindikira ndi mlamu wanga atangozula babu nkuliyang'anitsa padzuwa. Nde achimwene wa usipa zulani lanulo muwerenge timawayato, mwina pa maulendo atatu munasinthawo lina linali lolakwika.

Chinanso chomwe ndinaphunzira mochedwa, babu la headlamp la H4 saligwira pagalasi ndi zala. Mafuta a m'manja amatsalira pagalasi, likatentha pamalo pamenepo limatupa nkupsa msanga. Ine awiri anandithera mwezi umodzi, ndinkaika ndekha ndikuchokera kukhitchini. Gwirani kuchitsulo kokha, kapena ndi kansalu koyera. Kusintha kwake sikovuta, mumazula pulagi ya mano atatu, kuchotsa chilabala, kumasula kawaya kopanira kaja, babu limatuluka. Lili ndi timakutu titatu, limakhala bwino njira imodzi yokha, likapendekeka limaunikira m'mitengo. Chilabalacho mubwezeretse bwinobwino, apo ayi nthawi ya mvula mu headlamp mumadzaza nthunzi.

Pano mu galimoto mwanga simusowa kabotolo ka mafyuzi a 10, 15 ndi 20, babu limodzi la H4 ndi limodzi lakumbuyo. Pa rodibuloko akakupezani ndi diso limodzi samva zoti lapsa pompano.

Kabaza2Sienta

Ine ndingoti ikani ma LED basi aise, sadya moto wambiri nde fyuzi sizipsa. Ine pa Sienta yanga ndinaika konse, kutsogolo ndi kumbuyo, usiku ukuona mpaka mbuzi ili kutali.

AutoElec_KK

Amwene a Sienta, LED imadya moto wochepa zoona, koma siyingachize waya wosupuka. Shoti ikakhala pa waya fyuzi ipsa ngakhale mutazula mababu onse. Ndipo poti mwayambitsa nkhaniyi ndinene zomwe zimandiwawa. Ma LED ambiri a pamsika akaikidwa mu headlamp yopangidwira H4 kuwala kumangomwazika, inu mukuona ngati masana koma wobwera kutsogolo mwamuthira khungu. Usiku pa mseu wa Salima kupita ku Dwangwa pali njinga zopanda nyali, ngolo, anthu ochokera kunyanja atasenza madengu, ma thiraki, mseu wake wopapatiza malo ambiri. Munthu akathobwa m'maso masekondi atatu okha amagunda wa njinga amene ali kumbali kwake. Ngati mwaika, imikani galimoto moyang'ana khoma usiku muone ngati dim ili ndi mzere wodula bwino pamwamba, ngati kuwala kwangoti mbee paliponse chotsani. Ku ma indiketa nako LED imapangitsa kuphethira mothamanga ngati babu lapsa, chifukwa galimoto imaona ngati palibe babu.

Enanso amaika mababu a 100 watts m'malo mwa 60/55. Werengani nokha, 55 watts pa 12 volts ndi ma amp osafika 5, koma 100 watts ndi kupitirira 8. Pulagi ya mano atatu ija imasungunuka, ndasinthapo zambiri zakuda ngati khala.

Bwana wa usipa, za babu lopsa katatu lija. Ngati ndi mbali imodzi yokhayokha, kaikirani soketi, mwina yachita dzimbiri kapena babu likugwedera, kapena mukulowa madzi. Koma ngati mababu akupsa uku ndi uku, pezani wa mita ayeze pa batire injini ikulira. Pafunika pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Ikafika 15 kupita m'mwamba ndiye kuti alternator, chotchajira batire chija, ikutchaja mopyola, imapsereza mababu ndipo batire nalo limauma madzi.

Madala_aku_Khombedza

Za kuthobwa m'masozo mwanena bwino mphwanga. Ine maso akalamba, usiku ndinasiya kuyenda chifukwa cha nyali zoyera zimenezi.

WaUsipa_SengaBay

Akuluakulu ndabwera kudzathokoza. Ulendo uja ndinaumvera malangizo a madala, ndinanyamuka kutayera, pobwera ndinafika dzuwa lisanalowe. Dzulo Loweruka ndi pomwe tinaigwira ine ndi mwana wanga wamkulu. Tinapanga za babu zija, iye atakhala kutsogolo kuliyang'ana lili pa mbale yachitsulo. Poyamba linangofiira pang'ono, ma park akuyaka mofooka. Ndinagwedeza mawaya a kuseri kwa wailesi, palibe. Nditangokweza chitseko chakumbuyo kufika pakati mwana anakuwa kuti bambo lawala! Kutsitsa, lafooka. Kukwezanso, lawala. Nditakoka kalabala kaja ndinapeza mawaya awiri atathetheka, wina mkuwa uli pamtunda ndipo pachitsulo pali kadontho kakuda pomwe umathethetsa moto. Ndi wopita ku magetsi a nambala puleti. Sindinafune zongopotokola ndi mano, ndinapita nayo kwa wa auto pa Kamuzu Road anadula pobvulalapo nkulumikiza chidutswa chatsopano mowotcherera ndi solda, mfundo zake anaziika mkati mwa bodi osati popindika paja, ndipo tabwezeretsa fyuzi yofiira ya 10.

Amayi a Vitz, babu linali lolondola la timawaya tiwiri, koma titamasula tail lamp ya kumanzere munali madzi pafupifupi theka la kapu, onunkha nsomba. Labala la kuseri linatha nde madzi a ayezi akamatsika m'mabeseni pokhota amalowera mbali imeneyo. Soketi yake inali yobiriwira yonse. Tapala ndi sandipepa koma wa auto uja wati siikhalitsa, ndipeze ina. Anayezanso tchaji, ili pa 14.1.

A AutoElec, soketi imeneyi ya galimoto ina ya Toyota monga Corolla ingalowe, kapena ndifune ya Probox yeniyeni? Lachitatu ndikhala ku Lilongwe nde ndikhoza kukayang'ana kwa ogulitsa zida zakale.

AutoElec_KK

Zulani yakaleyo mupite nayo m'thumba bwana, mukaiyerekeze pomwepo, chifukwa zimasiyana timano tokolera ngakhale babu likhale limodzimodzi. Auzeni akuduleni ndi mawaya ake otalikirapo, ndipo mugulenso labala la kuseri kwa nyaliyo. Pansi pa mabeseni yalani lona lokwera m'mbali kuti madzi azitulukira kuchitseko.