Chitseko cha Amayi ku Stoneygate

Achemwali: Moni nonse. Chitseko chakumaso kwa Amayi chawola m'munsi, ndipo mvula ikagwa chikumafufuma mpaka kuchita kukankha ndi phewa. Tigwirizane zochita kuzizira kusanayambe.

Achimwene: Tingogula cha pulasitiki ya uPVC, sichifuna penti. Tsiku limodzi ntchito yatha.

Malume: Dekha kaye mphwanga. Stoneygate ndi conservation area, dera lotetezedwa chifukwa cha nyumba zake zakale, ndipo pa mapu a khonsolo ya Leicester nyumbayo ili pansi pa lamulo la Article 4. Chilichonse chosintha maonekedwe a kumsewu chimafuna chilolezo, ndipo cha pulasitiki kawirikawiri amachikana. Ukaika mwakabisira atha kukulamula kuti uchichotse, ndalama zako zomwe. Kuyambira mu 2024 ku England ali ndi zaka 10 zochitira zimenezo.

Azakhali: Wina aonenso pa mndandanda wa Historic England ngati nyumbayo ili listed, kutanthauza yotetezedwa ngati nyumba ya mbiri. Ikakhala pamenepo, kusintha popanda chilolezo ndi mlandu wa kukhoti.

Achemwali: Ndaona Azakhali, palibepo.

Alamu: Zithunzi ndaziona, achemwali. Ine ndikuti tisachitaye. Chawola ndi thabwa lopingasa la m'munsi ndi nsonga za matabwa awiri oimirira, mwina mamilimita 150 kuchokera pansi. Tengani sikuludiraiva mubaye: pomwe ikulowa ngati mu mbatata yophika, pawola, pomwe ikukana, thabwa lili bwino. Kalipentala amadula chowolacho mopendeketsa kuti madzi azitsetserekera kunja, n'kulumikizapo thabwa latsopano ndi guluu wosaopa madzi. Kukonza mofanana ndi momwe chinalili nthawi zambiri sikufuna chilolezo, koma tilembere ofisala wa conservation atiyankhe pa imelo, tisunge.

Achimwene: Nanga sichidzawolanso, alamu?

Alamu: Chidzawola tikasiya chomwe chinachiwoletsa. Kathabwa kothamangitsa madzi kaja, weather bar, kanagwa, ndiye madzi amatsika n'kukhota kulowa kunsi. Kunsiko sanapakeko penti, thabwa limamwera pamenepo. Tiikepo kena kokhala ndi kangalande kunsi kwake kodonthetsa madzi, chitseko chichotsedwe pa mahinjesi, chipakidwe mbali zonse 6: primer, undercoat kawiri, kenako penti womaliza.

Azakhali: Penti wakaleyo musamale naye. Nyumba za nthawi ya Mfumukazi Victoria zimakhala ndi penti wa mtovu kunsi kwa winayo. Osapala ndi sandipepa wouma, nyowetsani. Mukagwiritsa heat gun, makina ofewetsa penti ndi mpweya wotentha, isapitirire madigiri 450. Tsiku limenelo zidzukulu zisabwere, ndipo Amayi anu akaswere kwathu.

Malume: Koma kalipentala akanena kuti chapitirira, tikonzekeretu. Chatsopano chikhale chathabwa, mapanelo 4 ngati chakalechi, kukhuthala mamilimita 44, galasi la pamwamba lisakhudzidwe. Fomu ya chilolezo timadzaza pa webusaiti ya Planning Portal, pali malipiro, ndipo amafuna zithunzi, mapu a malowo ndi chojambula cha chitsekocho pa sikelo ya 1:10 kapena 1:20. Yankho ndi masabata 8 kuchokera pomwe alandira mapepala okwanira. Dipoziti ya chitseko isatuluke chilolezo chisanabwere.

Alamu: Zoona amalume. Ndipo osagula cha m'sitolo poganiza kuti tidzangopala. Mafelemu akale sakhala owongoka. Muyeze m'lifupi katatu, pamwamba, pakati ndi pansi, kenako kuchokera kona kupita kona mbali zonse ziwiri. Mpata ukhale mamilimita 3 m'mbali ndi pamwamba, apo ayi chidzagwiranso chikamwa chinyezi. Mahinjesi atatu a mamilimita 100, a brass kapena stainless. Chitsulo wamba pa oak chimadetsa thabwa. Felemu ngati ili yolimba isiyidwe, chifukwa kuichotsa kungabweretsenso za Building Control, oyang'anira malamulo a kamangidwe.

Achemwali: Loko bwanji? Inshuwalansi ya Amayi ikuti ikhale ya BS 3621, muyezo wa maloko ku Britain.

Alamu: Ilipoyo ngati ili ndi chizindikirocho ibwererepo. Yatsopano asaiboolere pomwe thabwa lapakati lalowa mu loimirira, amadula cholumikizira ndipo chitseko chimayamba kugwa mphuno.

Achimwene: Chabwino, za uPVC ndasiya. Ndiitana akalipentala atatu odziwa nyumba zakale, aliyense atipatse mitengo iwiri, wokonza ndi wa chatsopano.

Malume: Imelo ya kukhonsolo ndilemba usiku uno. Ndalama tigawana makomo anayi mitengo ikabwera, Azakhali anu ndiwo asunge.

Azakhali: Ndamva. Mtundu wa penti mufunse eni nyumba, dzulo amanena wobiriwira womwe uja.