Kodi mafuta a lubani ndi lubani yemweyo wofukiza?

Nachisale, Rosettenville:
Abale, kuno ku Johannesburg kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, abwana amathira madontho a mafuta a lubani m'kachipangizo kotulutsa nthunzi usiku uliwonse, akuti amagona bwino. Kodi ndi lubani yemwe timafukiza kutchalitchi, nanga amachokera kuti? Ndamvanso kuti amachiza nyamakazi, ndipo ndikuganiza zowatumizira amayi ku Mangochi chifukwa maondo akuwavuta kwambiri.

Mphunzitsi, Yeoville:
Gwero lake ndi limodzi, mayi. Lubani ndi utomoni wa mitengo ya Boswellia, yomwe imamera m'malo ouma ndi amiyala ku Oman, Yemen, Somalia ndi Ethiopia. Okolola amatema khungwa, utomoni woyera ngati mkaka n'kutuluka, ndipo pakapita pafupifupi milungu iwiri, ukauma, amaupala. Ndi yemweyo amene anzeru a kum'mawa anapereka pa Mateyu 2:11, ndipo malo akale a malonda akewo ku Dhofar, m'dziko la Oman, anatetezedwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, m'chaka cha 2000. Mafutawo amawapeza podutsitsa nthunzi yotentha mu utomoniwo, n'chifukwa chake kabotolo kakang'ono kamakwera mtengo chonchi.

Namwino, Berea:
Pa za amayiwo, chonde musafulumire. Mankhwala a mu utomoni amene akhala akufufuzidwa pa kutupa kwa mafupa, otchedwa boswellic acid, ndi olemera ndipo sakwera ndi nthunzi, choncho m'mafuta onunkhirawa mulibemo. Fungo lake limakhazika mtima pansi kwa anthu ambiri, ndipo zimenezo sindizipeputsa, koma maondo a munthu wamkulu ayenera kuonedwa kuchipatala. Ngati mukufuna kuwasisita nawo, sakanizani madontho awiri okha mu supuni yaing'ono ya mafuta a kokonati, muyambe mwayesa pamkono, ndipo asamwe ngakhale dontho limodzi.

Che Bwanali, Mayfair:
Mlongo wanga, ngati mukungofuna fungo, bwerani kuno kwa anzathu a ku Somalia, kapena kwa a ku Ethiopia m'tauni, omwe amafukiza lubani akamaphika khofi. Utomoni weniweni mudzaupeza pa mtengo wotsika. Koma m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi musayatse makala ofukizira lubaniyo m'chipinda chotseka mawindo, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mitengoyi ikuchepa ku Ethiopia chifukwa choitema khungwa mopitirira muyeso, moto wolusa ndi ziweto zodya mbande, choncho gulani pang'ono pokwanira.

Nachisale, Rosettenville:
Zikomo nonse. Ndalamazo ndiwatumizira amayi kuti akaonane ndi dokotala. Che Bwanali, kodi mashopuwo amatsegula Lamlungu?